Kukapumira ku Tete

Munthu wochokera ku Blantyre amafika msanga ku Tete kusiyana ndi ku Lilongwe. Ulendo wa ku likulu la Malawi ndi wa makilomita opitirira 300, pomwe wa ku Tete, kudzera ku Mwanza ndi pachipata cha Zóbuè, ndi wa makilomita pafupifupi 230. Ukatsika mapiri a m'malire, n'kudutsa Moatize ndi milu yake ya malasha, umangoona Zambezi uyo watambalala, mlatho wa Samora Machel uli lende pa zingwe zake kuyambira 1973. Mumsika wa Kwachena mayi wogulitsa nsomba akakuyankhula m'Chinyungwe, zambiri umazimva usanaphunzire chinenerocho. Nsima ndi yomweyi, masau ndi malambe ndi omwewa, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu.

N'chifukwa chake Amalawi ena akamayandikira zaka 60 amayamba kuuganizira mzindawu. Pali madalaivala a mathiraki amene atha zaka zawo zonse pamsewu wa ku Beira, ndipo Tete amamudziwa kuposa mudzi wawo. Pali amisiri amene anabwera ndi migodi ya malasha. Pali abambo amene anakwatira akazi a ku Mozambique nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, lero mayi akuti tiyeni tikakalambire kwathu. Palinso ena ongokopeka ndi magetsi a ku Cahora Bassa ndi ndalama yosagwedezeka. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Chovuta n'chakuti kuyandikana komweku ndi kumene kumapusitsa. Wopita kukakhala ku Ulaya amadziwa kuti akukakhala mlendo, choncho amakonza mapepala chaka chathunthu asananyamuke. Wopita ku Tete amamva ngati akupita kwa amalume, amangolongedza zovala. Koma pamaso pa SENAMI, nthambi ya boma la Mozambique yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, Mchewa wa ku Dedza ndi mlendo chimodzimodzi ndi injiniya wa ku Brazil kapena wa ku India.

Kumva ngati uli kwanu sikuchokera pachabe. Malire amenewa anajambulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anadula pakati pa anthu amodzi. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'chigawo cha Tete chomwechi, ndipo mpaka lero mafumu a Achewa a kumeneko amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Gule wamkulu amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ndi wa mayiko atatu onsewa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa, Malawi inasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ambiri a iwo ochokera ku Tete, mpaka mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Maukwati, ubatizo ndi manda a zaka zimenezo anamanga mabanja ambirimbiri mbali zonse ziwiri. Zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimalembedwa pa fomu ya ku imigireshoni.

Masiku 30 ndi zaka 10

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu Mozambique popanda viza, ndipo amapatsidwa masiku 30. Masiku amenewa ndi a mlendo wodzacheza, wodzagula katundu kapena wodzalira maliro. Sali a munthu amene wabwera ndi mipando ndi firiji. Ena amazemba potuluka mwezi uliwonse: kukwera chapa, minibasi ya kumeneko, mpaka ku Zóbuè, kudinditsa, kumwa tiyi ku Mwanza, n'kubwerera. Zimayenda kwa kanthawi. Koma wapachipata amawerenga zidindo, ndipo tsiku lina akhoza kufunsa kuti kodi bambo inu mumakhala kuti kwenikweni. Ukapitiriza masiku, chindapusa chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ndipo njira imene munthu wa zaka 45 amaipirira, wa zaka 72 wodwala mawondo sangaidalire.

Mayiko ena anatsegula khomo lapadera la opuma pantchito. South Africa ili ndi viza yawoyawo, imene imafuna umboni wakuti munthu amalandira ndalama zokwana R37,000 pamwezi. Ku Mozambique wopuma pantchito amalowera khomo la aliyense wofuna kukhazikika. Lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la nambala 23/2022, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la mu 1993. Njira yake imayambira kwanu, usanawoloke: ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku ofesi yake yaing'ono ku Blantyre, kumene umapempha visto de residência, viza ya wofuna kukhala. Amafuna pasipoti imene yatsala ndi miyezi yokwanira, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe milandu, kalata ya dokotala, ndi umboni wakuti uli ndi chodyera popanda kudalira boma lawo. Apa ndi pamene kalata ya penshoni ndi masitetimenti a kubanki zimagwira ntchito. Ngati ukutsatira mkazi kapena mwamuna wa ku Mozambique, mtchatho wolembedwa kuboma umalemera kwambiri kuposa umboni wa ankhoswe.

Mapepala a Chingerezi sayenda okha. Ayenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, wovomerezeka ndi boma, osati mphwanu amene anaphunzira ku Beira. Ndipo kalata ya kupolisi ili ndi moyo waufupi. Munthu amaitenga koyambirira, n'kutha miyezi akuthamangira mapepala ena, pofika pawindo n'kuuzidwa kuti yoyamba ija yatha. Wanzeru amayamba ndi mapepala osatha, monga a ukwati ndi a penshoni, n'kumalizira ndi a kupolisi ndi a dokotala.

Viza imeneyi imangokulowetsa. Ukafika ku Tete uli ndi masiku 30, amene angawonjezedwe kufika 60, oti upemphe chitupa chenicheni ku ofesi ya imigireshoni ya chigawo. Chitupacho aliyense amachitchula kuti DIRE. Ndi kakhadi kokhala ndi chithunzi ndi zidindo za zala, ndipo ndiko kamene amakafunsa kubanki, kwa landilodi wosamala, ndi pamsewu apolisi akakuimitsa. Choyamba chimakhala cha chaka chimodzi. Chaka chikatha umakachikonzanso, kulipiranso, kusonyezanso kuti chifukwa chimene unabwerera chikadalipo. Ukachita zimenezi zaka 10 zotsatizana, m'pamene umayenerera chilolezo chokhazikika, chimene chimakonzedwa zaka 5 zilizonse. Tawerengani: wobwera ali ndi zaka 60 adzapuma mizere ya chaka ndi chaka ali ndi zaka 70.

Pali kamfundo kamodzi kamene kamagwetsa okalamba kuposa wina aliyense. Mwini chilolezo cha chaka akakhala kunja kwa Mozambique masiku opitirira 90 osadziwitsa imigireshoni polemba kalata, chilolezocho chikhoza kufa. Taganizirani bambo amene wakhala ku Matundo, dera la mu Tete, zaka 7, mapepala onse ali bwino. Wapita ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni, madokotala amuuza kuti azibwera kudzaonedwa masabata awiri aliwonse, mwana wake wamkazi wa ku Chilomoni wakana kuti bambo ake ayende ndi bala. Miyezi inayi yatha. Palibe amene anakumbukira kalata, poti pamatenda ndani amaganiza za imigireshoni? Pobwerera, zaka 7 zija zikhoza kuyambiranso pa 1. Kalata yake ndi ya mizere yochepa chabe, ndipo iyenera kulembedwa munthu asananyamuke, ngakhale akuganiza kuti akachedwa sabata imodzi yokha.

Amene anabwera ndi ntchito ali ndi vuto lawo. Chilolezo chawo chinamangiriridwa pa kontrakiti, ndipo kontrakiti ikatha, chifukwa chokhalira m'dzikomo chathanso. Kampani ya Vale, imene inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022, ndipo Rio Tinto inali itachoka kale ku Benga mu 2014. Eni migodi amasintha, wantchito n'kudzidzimuka kuti zaka zonsezi mapepala ake ankamuyendetsera ndi a kuofesi. Wofuna kutsala ntchito ikatha ayambe kusintha maziko a chilolezo chake akadali pamalipiro.

Madobadoba nawo alipo, ngati kwathu komwe. "Madala, musavutike ndi mzerewu, ndipatseni pasipotiyo ndikubweretserani mawa." Ena amachitadi zimene alonjeza. Ena amabweretsa chidindo chimene kompyuta ya pachipata sichidziwa, ndipo womangidwa amakhala mwini pasipoti. Choopsa kwambiri ndi njira yachidule imene imanong'onedwa m'malire: kugula chitupa cha nzika, BI, ponama kuti unabadwira ku Tsangano kapena ku Angónia. Kwa mlimi wa m'mudzi wa m'malire mwina zaka zimatha osafunsidwa. Kwa munthu amene penshoni yake imachokera ku Lilongwe m'dzina lina ndi tsiku lina lobadwa, bodzalo limadzaphulika pa nthawi yoipitsitsa, pamene mkazi wamasiye akufuna kutsimikiza kuti womwalirayo ndi munthu mmodzi yemweyo.

Chonsecho njira yoongoka ilipo. Malamulo aakulu a Mozambique a mu 2004 amalola mlendo amene wakhala m'dzikomo movomerezeka zaka 10 kupempha unzika, ndipo wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika angathe kutero ukwati ukakwanitsa zaka 5. Pa chinenero, amafuna kuti wopemphayo adziwe Chipwitikizi kapena chimodzi mwa zinenero za m'dzikomo, ndipo Chinyanja chili m'gulu limenelo. Kumbali ya kwathu, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu Disembala 2018 kuti Mmalawi wobadwa ali nzika athe kukhala nzika ya mayiko awiri. Dziwani chabe kuti ukakhala nzika ya Mozambique, uli m'dzikomo boma lawo limakuona ngati munthu wawo basi, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili mu Tete momwemo singakulankhulire ngati mlendo.

Munthu wina amene mlendo ayenera kumudziwa msanga sakhala muofesi yaikulu. Mzinda wa Tete unagawidwa m'madera otchedwa bairro, monga Josina Machel, Francisco Manyanga, Chingodzi ndi Matundo, ndipo dera lililonse lili ndi mlembi wake, pansi pake pali oyang'anira timagulu ta nyumba. Dongosololi linatsala kuchokera m'zaka zoyambirira za Frelimo. Kakalata kochokera kwa mlembiyu, kotsimikiza kuti uje amakhala m'nyumba yakuti, kamafunika m'malo ambiri. Wozolowera moyo wa kumudzi sadabwa nazo: ukafika pamalo umakaonekera kwa eni ake. Wozolowera Namiwawa ku Blantyre, kumene munthu amatha zaka osadziwa dzina la woyandikana naye, ndi amene amachedwa kupita, n'kudzapita atapanikizika kale.

Malo sagulidwa

Loto la Mmalawi aliyense wopuma pantchito ndi puloti ndi nyumba yamalata. Ku Mozambique malo onse ndi a boma. Malamulo aakulu amanena poyera kuti sagulitsidwa ndipo sangakhale chikole cha ngongole. Chimene munthu amapeza ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT, motsatira lamulo la malo la mu 1997. Mlendo payekha amaupeza ufuluwu pokhapokha atakhala m'dzikomo zaka zosachepera 5 ndipo ali ndi ntchito yachitukuko yovomerezedwa ndi boma. Komabe mukayenda m'mphepete mwa mzinda mudzapeza anthu akugulitsana malo tsiku lililonse, ndalama pamanja, mboni ziwiri, kapepala kolembedwa ndi bolopeni. Pakati pa eni dziko zimenezi zimatheka chifukwa pamapeto pake wogulayo akhoza kulembetsa malowo m'dzina lake. Mlendo wongofika kumene sangatero. Wapereka ndalama pa chinthu chimene lamulo likuti sichigulitsidwa, ndipo mkangano ukabuka alibe poimira.

Nyumba yomangidwa kale mumzinda ndi nkhani ina: nyumbayo imagulitsidwa, ndipo ufulu wa malo umatsatira nyumba. Koma napo pali msampha. Mu Febuluwale 1976 boma la Samora Machel linalanda nyumba zonse za lendi, n'kuziika m'manja mwa bungwe la APIE. Pambuyo pake zambiri zinagulitsidwa motchipa kwa nzika zimene zinkakhalamo, ndipo nyumba zoterezi sizololedwa kugulitsidwa kwa mlendo. Nyumba zakale zokongola za pakati pa mzinda, za makonde aakulu ndi makoma ochindikala osalowa kutentha, n'zimene zimafunika kufufuzidwa mbiri yake ku ofesi yolembetsa nyumba munthu asanatulutse khobidi.

Ambiri amathawira kolemba nyumba m'dzina la mkazi kapena mlamu. Mkazi wa mtchatho, pali chitetezo. Mlamu kapena mnzako wa kutchalitchi, ndiye kuti wamumangira nyumba. Ine ndimaona kuti wopuma pantchito achite lendi zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, ngakhale mtima ukuwawa kupereka ndalama kwa landilodi. Mitengo ya lendi ku Tete imatsatira malasha. Anthu a mumzindawu anali pafupifupi 155,000 pa kalembera wa 2007, n'kupitirira 300,000 pa wa 2017, ndipo m'zaka zimene makampani ankalimbirana nyumba lendi inakwera mochititsa mantha, kenako inatsika mtengo wa malasha utagwa. Wochita lendi amathanso kuona dera limene limasefukira. Mtsinje wa Revúbuè, umene umathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda, unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, ndipo nyumba za m'zigwa za ku Chingodzi zimaudziwa bwino mtsinjewu.

Penshoni ya kwacha, msika wa metikali

Apa ndi pamene maloto ambiri amathera. Penshoni ya ku Malawi imabwera m'makwacha, koma lendi, magetsi olipiriratu a Credelec, madzi ndi ndiwo za ku Tete zimafuna metikali. Kuyambira 2021 metikali yakhala pafupifupi 64 pa dola imodzi, osasuntha kwenikweni. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze mphunzitsi wamkulu wopuma amene amalandira K400,000 pamwezi. Kumayambiriro kwa Novembala ameneyo ndalamayi inali mametikali oposa 21,000. Mwezi usanathe inali pafupifupi 15,000. Landilodi wake sanatsitse lendi, wogulitsa nsomba za pende mumsika sanamve n'komwe kuti ku Lilongwe kwachitika kanthu. Penshoni ya kwacha ikawoloka malire ili ngati thumba la mchere losiyidwa pamvula.

Ndipo chiwerengerochi ndi cha mtengo wa kubanki, umene munthu wamba saupeza kawirikawiri. Kutulutsa ndalama m'Malawi kumayendera malamulo a Reserve Bank, ndipo m'zaka zimene ndalama zakunja zasowa, mabanki amachepetsa zimene khadi lingatulutse kunja. Mabanki a mu Tete, monga Millennium bim, BCI ndi Standard Bank, amadziwa dola ndi randi. Kwacha siyenda pawindo lawo. Otsala ndi anyamata a pachipata cha Mwanza ndi Zóbuè, onyamula mipukutu ya ndalama m'manja, amene mtengo wawo umatsatira dola ya pamsika wakuda. Pamenepo K400,000 ija imafota kachiwiri, ndipo nkhalamba yonyamula ndalama za mwezi wathunthu m'thumba pa chapa ili pangozi ya akuba ndi ya apolisi omwe.

Lamulo la penshoni la ku Malawi la mu 2023 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi. Kwa wopita kunja chiyeso chimakhala chachikulu: tenga zonse zimene ungathe, usinthe zisanafote. Maganizowa ali ndi nzeru yake, koma ndalama yochuluka m'manja mwa munthu amene wangofika m'dziko lachilendo, achibale a mkazi akumuyang'ana, imatha msanga kuposa kugwa kwa kwacha. Amene zinthu zimawayendera ndi amene ali ndi kena kobweretsa metikali kapena dola: ana ogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Maputo, kapena bizinesi yaing'ono ya mkazi. Koma chilolezo chokhala sichipereka chokha ufulu wolembedwa ntchito. Chimenecho ndi chilolezo china.

Amene anagwira ntchito mu Mozambique momwemo ankadulidwa 3 peresenti ya malipiro kupita ku INSS, bungwe losunga penshoni kumeneko, bwana n'kuwonjezera 4. Penshoni yonse ya ukalamba imafuna miyezi 240 yosonkha, kutanthauza zaka 20, ndipo msinkhu wake ndi zaka 60 kwa abambo, 55 kwa amayi. Wobwera ndi malasha mu 2011 akwanitsa miyezi imeneyi mu 2031, ngati sanadukize. Ndi bwino kukatenga kaundula wa zosonkha zako ku ofesi ya INSS ukadali pantchito, chifukwa si bwana aliyense amene ankapereka zimene ankadula. Zotsala n'zachidule: nambala ya msonkho, NUIT, imafunika potsegula akaunti ndi pa zina zambiri, wokhala m'dzikomo masiku opitirira 180 pachaka amawerengedwa ngati wokhoma msonkho wa kumeneko, M-Pesa ndi e-Mola zili paliponse. Galimoto ya nambala ya ku Malawi imalowa pa chilolezo cha masiku ochepa, ndipo inshuwalansi ya COMESA sigwira ntchito chifukwa Mozambique sili m'bungwelo.

Dzuwa ndi chipatala

Aliyense amene anafikako amayamba ndi kutentha, ndipo sakokomeza. Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, pamtunda wosafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ili pa mamita oposa 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, miyala ya m'mapiri ozungulira imasunga moto mpaka usiku, anthu amatulutsa mphasa n'kugona pabwalo. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa adzati zachizolowezi. Wa ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Zomba asadzinamize. Thupi la zaka 65 silimva ludzu msanga, mankhwala ena a BP amachotsa madzi m'thupi, ndipo jakisoni wa shuga amafuna firiji yosazima. Makina oziziritsa m'nyumba kumeneko sakhala chinthu chodzionetsera, ndipo mayunitsi amene amadya alowe m'bajeti kuyambira tsiku loyamba. Malungo nawo ndi a chaka chonse m'mphepete mwa mtsinje. Munthu asasankhe Tete atamuona mu Juni, mphepo ikuwomba bwino madzulo, mbuzi yowotcha ili pambale. Akakhaleko Novembala wathunthu kaye.

Amene akufuna Mozambique koma dzuwa lawakanika ali ndi kwina kopita m'chigawo chomwechi. Ku Ulónguè, m'boma la Angónia, n'kumtunda kozizira, anthu amayankhula Chichewa ndi kulima mbatata ya kachewere, ndipo chipata cha Calómuè chotulukira ku Dedza chili pafupi. Malamulo a mapepala ndi omwewo, kungoti zina zimafuna ulendo wopita ku likulu la chigawo.

Chipatala chachikulu cha mumzinda ndi Hospital Provincial de Tete, ndipo pali zipatala zolipira zimene zinabwera ndi migodi. Matenda akakula, odwala amatumizidwa ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600, kapena ku Maputo, kopitirira makilomita 1,500. Kwa Mmalawi, chipatala chachikulu chapafupi chili kwawo: Gulupu, Mwaiwathu kapena cha Adventist ku Blantyre. N'chifukwa chake kusiya inshuwalansi ya chipatala ya MASM posamuka n'kulakwitsa, ndipo m'pofunika kufunsa, yankho lake lilembedwe, ngati sikimu yako imalipira chithandizo cholandiridwa tsidya lino. Pali ndi nkhani ya chinenero. Mumsika Chichewa chimakuyendetsa, koma dokotala angakhale wochokera ku Maputo kapena ku Nampula, wosamva Chinyungwe n'komwe, ndipo mapepala a mankhwala amalembedwa m'Chipwitikizi. Kufotokoza mmene chifuwa chikupwetekera kudzera mwa mdzukulu wa zaka 12 si chinthu chosangalatsa, makamaka matenda akakhala a kumalo obisika. Chipwitikizi chiphunziridwe mutu ukadali wofewa.

Mtendere nawo suyenera kutengedwa ngati chinthu chokhalitsa. Mu 2016 anthu zikwizikwi a m'chigawo cha Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitatha, zionetsero zinatseka misewu kwa miyezi, mathanki a mafuta opita ku Malawi n'kuima panjira. Wogulitsa nyumba yake ya ku Malawi kuti amange ku Tete wadzitsekera khomo lothawira. Kuisunga n'kuichititsa lendi kumapatsa kangachepe, komanso adiresi ya kwanu imene osunga penshoni amaifuna akamatsimikiza kuti ukadali moyo.

Nkhani yomaliza ndi imene mabanja sakonda kuikamba. Munthu akamwalira ali ndi katundu m'mayiko awiri, malamulo awiri amadzuka. Katundu wa ku Malawi amagawidwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, wa ku Mozambique motsatira lamulo lawo la mu 2019, limene linakweza mkazi kapena mwamuna wotsala kuti adye chuma limodzi ndi ana. Bambo amene ali ndi ana a mkazi woyamba ku Ntcheu ndi ana a mkazi wachiwiri ku Matundo akasiya zinthu osalemba, wasiyira mbali ziwirizo mlandu wa zinenero ziwiri ndi makhoti awiri, ndipo mbali imene ili kutali ndi nyumbayo ndi imene imagonja. Wilo ilembedwe mbali zonse ziwiri, ya ku Mozambique pamaso pa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo, ndipo loya aonetsetse kuti yachiwiri sikufafaniza yoyamba.

Za manda zikambidwenso munthu akadali ndi mawu. Abale a kumudzi adzafuna kuti mwana wawo akagone pafupi ndi amayi ake. Mkazi ndi ana a ku Tete adzafuna manda amene angathe kumakawalambula. Kuwolotsa maliro pa Zóbuè kumafuna chikalata cha imfa chochokera ku ofesi ya kaundula, umboni wakuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha a zaumoyo ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ndipo maofesi amenewa satsegula Loweruka ndi Lamulungu. M'dzuwa la Tete tsiku lililonse lodikira ndi ndalama za kumochale. Banja limene lasankha kuti maliro adzapita kumudzi lisungiretu ndalama ya galimoto ndi bokosi m'mametikali, pa akaunti imene wotsalayo angathe kutapa popanda kudikira khoti.